Nyambo ya fungo ya ku America siingakoke gwape wa m'mapiri a Dedza

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhe funso lomwe likumveka pakati pa anyamata athu kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, makamaka omwe amaonera mavidiyo a alenje a ku America pa foni. M'mavidiyomo mlenje amatulutsa kabotolo, kudonthezera madzi ake pa kansalu, kukapachika pa nthambi, ndipo posakhalitsa mbawala yamphongo ya nyanga zanthambinthambi yatulukira m'thengo mphuno ili m'mwamba. Anyamatawo amafunsa kuti, kodi titatuma m'bale wa ku Joni kuti abwere nalo botolo loterolo, silingatikokere gwape kapena mbawala m'mapiri muno? Yankho lathu ndi lakuti nyambo ya fungoyi imagwiradi ntchito, koma pa nyama yake, m'masabata ake owerengeka, ndiponso m'manja mwa munthu amene wayamba wadziwa mphepo. Pa nyama zathu zino ndalama yake ingolowa m'madzi.

M'botolomo muli mkodzo. Kawirikawiri ndi mkodzo wa mbawala yaikazi ya mtundu womwe kwawoko amati white-tailed deer, wotapidwa pa nthawi yomwe ikufuna yamphongo. Nyamazi amaziweta m'mafamu n'kumazilowetsa m'makola a pansi potsetsereka kapena pa mipata, kuti mkodzo uziyenderera kukagwera m'chotengera. Botolo wamba ndi la mamililita 30. Aliponso mabotolo a mkodzo wa yamphongo, ena a mafuta ochokera m'timatumba ta fungo ta m'thupi mwa nyamayo, ena opangidwa ku fakitale opanda mkodzo weniweni, ndi ena a fungo la dothi kapena la paini omwe amati amabisa fungo la munthu.

Aliyense woweta mbuzi anamuonapo tonde akununkhiza mkodzo wa yaikazi, kenako n'kutukula mutu, mlomo wam'mwamba utapindikira kumphuno, nkhama zili pamtunda, atangoima ndii. Pamenepo amakhala akukokera fungo la mkodzowo ku kachiwalo komwe kali pamwamba pa m'kamwa, komwe kamamuthandiza kudziwa ngati yaikaziyo yayandikira nthawi yokweredwa. Mbawala ya ku America imachita chimodzimodzi, ndipo ili ndi zake zina zoonjezera. Mkati mwa miyendo yakumbuyo, pa mfundo ya pakati, ili ndi kachitsa ka ubweya wamafuta. Imaphatikiza miyendo iwiriyo n'kukodzerapo ikukhuza, mpaka ubweyawo umada bii n'kutulutsa fungo loti ngakhale munthu amalimva. Yamphongo imapalasanso masamba ndi ziboda zakutsogolo mpaka dothi lionekere, pansi pa nthambi yolendewera. Nthambiyo imainyambita, kuitafuna, kukhuzapo mphumi ndi m'mbali mwa diso, kenako n'kukodzera pa dothi lija. Zinzake zodutsa zimaima pamenepo kununkhiza kuti wadutsa ndani. Koma maulendo ambiri opita pa malo oterewa amachitika usiku, mlenje ali kunyumba, ndipo zimenezi mavidiyo sanena.

Chomwe chimapatsa botololi mphamvu ndi nyengo. Kumpoto kwa America usana wa mu Juni ndi wa mu Disembala umasiyana ndi maola 6 kapena kuposa. Masiku akayamba kufupika, matupi a nyamazi amasintha pamodzi, kotero kuti zazikazi zambiri zimafuna yamphongo m'masabata omwewo, makamaka mu Novembala. Iliyonse imalola kukweredwa kwa tsiku limodzi lokha, ndipo ikaphonya imadikira masiku pafupifupi 28. Bere lake ndi la masiku pafupifupi 200, ana n'kubadwa kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, msipu utaphuka. Ndiye m'masabata amenewo zamphongo zimachepetsa kudya, zimayenda usana ndi usiku mphuno ili pansi, kupikisana kuti zipeze yaikazi isanapitirire tsiku lake. Nyama yotere ndi yomwe ingapatukire kansalu konunkha mkodzo. Botolo lomwelo mukalitsegula mu Seputembala, zazikazi zina zimachita nalo mantha chifukwa fungolo labwera pa nthawi yolakwika, ndipo zamphongo sizilabadira kwenikweni.

Ngakhale pa nyengo yake, ntchito yake ndi yosamala. Mlenje wodziwa amayamba wapeza njira yomwe nyama zimadutsa kale pakati pa pogona ndi podyera, chifukwa nyambo siitsegula njira yatsopano. Amamanga nsanja mumtengo, mamita 4 mpaka 6 kuchokera pansi, ndipo nyamboyo amaiika mamita 15 mpaka 25 kuchokera pa nsanjapo, molingana ndi pomwe uta wake umalasa bwino. Amanyowetsa kansalu kokhuthala kapena thonje ndi madontho ochepa, asanu kapena khumi, osati kukhuthula botolo lonse, n'kukapachika pa nthambi yotalika mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuti mphepo ilinyamule. Pachimake penipeni ndi mbali yomwe waiika. Yamphongo ikamva fungo imazungulira kuti ilifikire kuchokera komwe mphepo ikulowera. Nyambo ikakhala kumphepo kwa mlenje, fungo lake limadutsa pa nsanja n'kunyamulanso la munthu, nyama n'kulandira onse awiri pamodzi. Ikakhala komwe mphepo ikulowera, fungo la munthu limaigwera pamwamba. Choncho imayenera kukhala chakumbali, kuti fungo la nyambo lidutse pa njira ya nyama, la mlenje lilowere kwina, kuphompho kapena kudambo komwe nyama sizidzera.

Ena amakoka mzere. Amamanga kansalu konyowa ku chingwe, chingwecho ku ndodo, kuti kansalu kazikwekwerezeka chapambali osati m'mapazi mwawo. Amayambira mamita 100 kapena 200 kutali, ndipo poyenda amaonjezera madontho kuti fungo lizikula akamayandikira nsanja. Akapanda kutero kansalu kamauma m'njira, fungo limakhala lamphamvu poyambira paja, ndipo yamphongo ikaupeza mzerewo imautsata chobwerera, kumusiya mlenje akudikira chabe. Zonsezi amachita atavala majombo a mphira ndi magolovesi, chifukwa thukuta la m'manja likakhudza chingwe kapena nthambi latsala pomwepo. Mkodzowo sadzola pa zovala. Ogulitsa eni ake amachenjeza zimenezi, popeza yamphongo ya m'nyengo imeneyi itha kumulunjika munthu ndi nyanga.

Akachita zonsezi molondola, chomwe amapindula n'chochepa poyerekeza ndi zomwe botolo limalonjeza. Nyama yomwe inali kudutsa kale imapatuka pang'ono, imaima masekondi angapo mutu utatembenukira ku kansalu, mlenje n'kupeza mpata wolasa bwino kuti isavutike. Nthawi zina imatsata mzere mpaka kumapeto. Zomwe zimafika kawirikawiri ndi zamphongo zazing'ono zosadziwa zambiri. Zikuluzikulu zomwe zapulumuka zaka zingapo zimazungulira patali, zikamva kafungo ka munthu zimafwenthera mokweza, kutukula mchira woyera uja n'kuthawa. Za mabotolo obisa fungo la munthu, ife sitiwawerengera n'komwe. Mphuno ya nyama imasiyanitsa mafungo osakanikirana, imamva paini payekha, munthu payekha.

Palinso vuto la kuwonongeka. Mkodzo ukakhala pofunda, tizilombo ta bakiteriya timausandutsa amoniya, fungo lobaya m'mphuno lija la m'khola losasesa. N'chifukwa chake kwawoko amausunga m'botolo lakuda, mufiriji, ndipo wa chaka chatha ambiri amautaya. Taganizani tsono za botolo lomwe lachoka ku America, lakhala m'sitolo ku Johannesburg, lakwera basi m'chikwama cha pansi, ladutsa kutentha kwa ku Tete, n'kudzatulukira pa chipata cha Dedza mu Okutobala.

Koma tiyerekeze kuti lafika labwinobwino. Nyama zathu si za banja limodzi ndi za ku America zija. Zija nyanga zake zimathothoka chaka ndi chaka n'kumeranso, pomwe gwape, mbawala ndi chinkhoma zili m'banja limodzi ndi mbuzi ndi ng'ombe, nyanga zake n'zamuyaya. Mtundu uliwonse uli ndi fungo lake ndi malo ake oliika. Gwape ali ndi kamzere kakuda pansi pa diso lililonse, komwe kamatulutsa mafuta, ndipo wamphongo amakhuza kamzereko pa nsonga za timitengo m'dera lake. Mukayang'anitsitsa m'mpita mwake, cha mu msinkhu wa bondo lanu, mutha kuona kansonga ka kamtengo kali ndi utoto wakuda wonata. Chinkhoma, m'matanthwe momwe chidakalimo, chachimuna ndi chachikazi zimakhala pamodzi moyo wonse, ndipo zonse ziwiri zimapaka phula lakuda la pansi pa diso pa timitengo ta m'malire mwawo. Fungo limeneli n'lodziwika kwambiri moti kum'mwera kwa Africa kuli mtundu wa nkhupakupa womwe umasonkhana pa timitengo topakidwato kudikira mwini wake abwerere. Mbawala ya kuno ilibe kamzere ka pansi pa diso. Iyo imakhuza nyanga ndi mphumi pa zitsamba ndi pa dothi. Kwa nyama zitatuzi mkodzo wa nyama ya ku Texas ndi fungo lachilendo basi, ndipo nyama yomwe imakhala mosakidwa ndi agalu ikakumana ndi chachilendo m'njira mwake imasintha njira. Woyamba kufika pa kansaluko adzakhala galu wa m'mudzi.

Chachikulu kuposa apa ndi nyengo ija. Kuno usana wa mu Juni ndi wa mu Disembala susiyana ndi maola opitirira awiri. Gwape ndi mbawala zimaswa mwezi uliwonse wa chaka, mwana mmodzi pa bere la miyezi pafupifupi 6. Palibe masabata omwe zamphongo zonse za m'phiri zimasokonezeka mutu pamodzi. Gwape wamphongo amakhala yekha m'dera lake laling'ono, yaikazi ya pafupi amaidziwa kale ndi fungo lake, safunika kuyenda makilomita kuifunafuna. Ngakhale white-tailed deer yomweyo, komwe imapezeka m'maiko otentha a ku South America, kuswana kwake kumamwazikana m'miyezi yambiri. Ndiye ngakhale wina atakwanitsa kutapa mkodzo wa gwape weniweni, chomwe chimapangitsa nyambo kugwira ntchito ku America kuno kulibe.

Chomwe chili chofanana konsekonse ndi mphepo, ndipo makolo athu a uzimba ankaidziwa popanda botolo. Ankamanga phulusa louma m'kansalu kopyapyala, akagwedeza pang'ono fumbi lake n'kuwaonetsa komwe mpweya ukulowera ngakhale tsamba lisakugwedezeka. M'mapiri ngati athu ano mphepo ili pawiri. Pali yaikulu, mwera wa m'miyezi yozizira ndi mpoto wa nthawi ya mvula. Palinso yaing'ono ya m'zitsetse: dzuwa likawomba phiri m'mawa mpweya umafunda n'kukwera, likalowa umazizira n'kutsikira m'makwawa. Pa chitsetse chotsikira ku Golomoti kapena m'mbali mwa phiri la Dedza, lomwe nsonga yake ili pa mamita 2,198, munthu woima pamwamba pa khwawa madzulo fungo lake limayenderera mpaka pansi pomwe mbawala yagona, ndipo chomwe angamve ndi kuuwa kwake kamodzi ikuthawa. Izi n'zofunika kwa mlonda wa nkhalango, kwa wophunzira wa ku koleji ya za nkhalango ndi nyama zakutchire ku Chongoni amene akuwerenga nyama, ndi kwa mlimi wolondera dimba.

Pali chifukwa china chomwe sitikufunira mabotolowa kuno. Ku America kuli matenda a ubongo a nyama za banja la mbawala za kumeneko otchedwa chronic wasting disease, omwe anaoneka koyamba mu 1967 pa nyama zowetedwa ku Colorado, ndipo mu 2016 anapezekanso ku Norway. Nyama yodwala imawonda, imatuluka dovu, imayenda mosokonezeka mpaka kufa. Matendawa alibe katemera kapena mankhwala. Choyambitsa chake chimatuluka m'malovu, m'ndowe ndi mumkodzo nyama isanaonetse kudwala, ndipo chimakhala m'dothi zaka zambiri. N'chifukwa chake madera ena monga Virginia ndi Vermont analetsa mu 2015 kugwiritsa ntchito mkodzo weniweni posaka. Chinthu chomwe eni ake ena akuchikana sitikuona chifukwa chochithira m'dothi la Chongoni kapena la Mvai. Komanso chochokera m'thupi la nyama sichiloledwa kungolowa m'dziko popanda chilolezo cha a zaumoyo wa ziweto.

Anyamata athu adziwenso kuti mlenje wa m'vidiyo uja ali ndi chiphaso m'thumba, ali ndi masiku ake ololedwa, ndiponso chiwerengero cha nyama zomwe angaphe, m'dziko lomwe nyamazo zilipo mamiliyoni. Kuno lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limafuna chiphaso cha Nthambi yoona za nyama zakutchire munthu asanasake nyama ngati zimenezi, ndipo limaletsa misampha, poizoni ndi kusaka ndi moto. Pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi ngaka chilango chimafika zaka 30 m'ndende. M'nkhalango za boma monga Dedza Mountain, Chongoni, Mua-Livulezi, Dzonzi ndi Mvai, lamulo la za nkhalango la 1997 silimalola kusaka popanda chilolezo. Mfuti nayo ili ndi chiphaso chake cha kupolisi. Chimatipweteka mtima n'chakuti gwape ndi mbawala zatha m'malo ambiri popanda nyambo iliyonse, ndi waya wa m'mipita, agalu ndi moto wa m'chilimwe. Popeza zimaswa chaka chonse, yaikazi yogwidwa mu khwekhwe mwezi uliwonse itha kukhala ya bere kapena yasiya mwana wobisidwa m'udzu, amene afe ndi njala.

Komwe nkhani ya fungo ingatithandize kuno ndi kumunda, pothamangitsa osati pokoka. Alimi a nyemba ndi mbatata a ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano omwe minda yawo ili m'mphepete mwa thengo amadziwa kuti gwape amabwera m'bandakucha ndi usiku, kudya khwanya ndi nsonga za mbatata, nthawi zina kufukula ndi ziboda. Musanachite chilichonse tsimikizani wakuba wake. Gwape, mbawala ndi mbuzi zilibe mano akutsogolo m'mwamba, ndiye zimathothola, nsonga ya chomera n'kutsala yonyenyeka ndi timaluzi. Kalulu amadula mosalala, mopendekera. Phazi la gwape ndi lopyapyala, losongoka kutsogolo, lotalika masentimita pafupifupi 4, la mbawala n'lokulirapo pang'ono, pomwe la mbuzi n'lotambalala, lobuntha. Madandaulo ambiri a gwape amathera pa mbuzi za a neba zomwe zadula chingwe.

Nsanza zoviikidwa mu palafini, tsitsi la kometera, sopo wonunkhira wopachikidwa pa ndodo, zonsezi zimagwira masiku ochepa. Nyama ikaona kuti fungolo silikutsatana ndi choopsa chilichonse imalizolowera, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala, pomwe dimba lanu ndi lokhalo lobiriwira m'dera lonse, njala imaposa mantha. Ngati mukuzigwiritsa ntchito, muzisintha mtundu wake ndi malo ake masiku atatu kapena anayi aliwonse, ndipo muyambe nyama isanalawe mbewuyo, chifukwa ikalawa kamodzi kuibweza n'kovuta.

Njira yomwe alangizi a zaulimi a ku Colorado amaiyamikira pa mbawala za kwawo ndi ya mazira: gawo limodzi la mazira aawisi pa magawo anayi a madzi. Pa lita imodzi ndiye kuti mazira 4 ndi madzi mamililita 800. Menyani bwino, kenako sefani pa kansalu kuti kachingwe koyera ka m'dzira katsalire, chifukwa n'komwe kamatseka kamlomo ka mpope wopopera. Poperani tsiku lopanda mvula, masamba ali ouma, makamaka nsonga zanthete, kuyambira pansi mpaka mita imodzi ndi theka. Mazirawo akamavunda pa tsamba amatulutsa fungo lomwe nyama zodya masamba sizilifuna. Bwerezani pakatha mwezi, kapena msanga ngati kwagwa mvula yamphamvu kapena kwaphuka masamba atsopano, poti atsopanowo amakhala osatetezedwa. Popeza anaiyesa pa nyama za kwawo, kuno yambani ndi mizere iwiri, iwiri ina yoyandikana nayo muisiye, mufananize pakatha masabata awiri. Musapopere ndiwo zamasamba zomwe muthyole posachedwa, khwanya, mpiru kapena kabichi wokhwima, chifukwa dzira lovunda limadwalitsa m'mimba. Ndi mtengo wa mazira masiku ano, njirayi ikuyenera nazale ya mitengo ndi mbande za mapichesi kapena mapeyala, osati munda wa ekala.

Chokhalitsa ndi mpanda, ndipo ambiri amaulakwitsa pansi. Gwape sakonda kulumpha, amakwawa. Mpanda wautali wokhala ndi mpata wa chikhatho chimodzi ndi theka pansi ndi khomo kwa iye. Zungulirani mpanda m'mawa mame asanaume, mupeze pomwe udzu wagona ndi pomwe ubweya wotuwa watsalira pa minga, mutseke pamenepo ndi zikhomo zoyandikana kapena waya wa nkhuku wokwiriridwa pansi masentimita 15. Komwe kuli mbawala, yomwe imakwawa komanso kulumpha, mpanda ufike mamita 1.8. Mbande za zipatso zomwe zili patalipatali n'kosavuta kuzimangira kampanda ka nsungwi kamodzikamodzi, kotambalala mokwanira kuti nsonga zisatulukire kunja. Zikapitirira apo, nyama zikuonongabe, kauzeni a mfumu ndipo mupite limodzi ku ofesi ya za nkhalango pa boma, akulumikizeni ndi a Nthambi ya nyama zakutchire, omwe lamulo linawapatsa udindo pa nyama zovutitsa m'minda.

Ife,
Alimi ndi osamala nkhalango,
Bembeke, Dedza